Waya Wanga wa ku Mualadze

Sekani, a Zakariya, mano ndi anu. Koma amene akuti ndikunama apite kuseri kwa nyumba yanga akaone, waya ulipo mpaka lero.

Chaka chimene a mgodi wa malasha anatisamutsa ku Bagamoyo n'kudzatitula kuno ku Mualadze, radiyo yanga inadwala. Kumene tinachokera, dzuwa likangolowa ndinkatchera pa onda medya, mafunde a radiyo ofika patali aja, n'kumawedza mawu a maiko akutali, koma kuno inkangolira ngati mafuta m'chiwaya. Akazi anga, amake Rozita, ndinawapeza ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndipo madzulo aliwonse ankamvera mauthenga a maliro a kwawo kuti adziwe ngati abale akadali moyo. Mawuwo atasowa, anamanga katundu. "Bambo a Rozita, malo opanda madzi, opandanso mawu a kwathu, ine ayi. Loweruka ndikukwera shapa, minibasi ija, kubwerera kwathu." Ndinaopa, sindibisa. Kusiyidwa uli ndi imvi si masewera.

Ndiye ndinatola mawaya otayidwa kumgodi, kulumikiza, kulumikiza, kuyambira padenga langa, kudutsa pamwamba pa makamiyau, malole onyamula malasha aja, mpaka kukamangirira pansonga pa phiri la Zóbuè, ndipo pobwerera ndinapeza njiwa zimene zinatera pawayapo zikulira m'Chiarabu. Mukumva? Koma waya wam'mwamba pawokha sugwira kanthu. Pamafunika chitsulo chokhomera pansi, dothi lake likhale lonyowa, ndipo dothi la kuno mukulidziwa, ngakhale chiswe chimayenda ndi chigubu chake. Nditakhoma chitsulocho, ndinanyamula ndowa ya madzi imene amake Rozita anali atangotula kumene kuchokera kutali, n'kukhuthulira yonse pachitsulopo iwo akuona. Anangomangitsa mfundo ya katundu wawo.

Ndinapotokola kabatani ka radiyo. Anayamba ndi a ku India, mawu ofika atatopa moti ndinawapatsa mpando, kenako mpira wa ku Brazil, chigoli chimene wolengeza anayamba kukuwa Lachinayi n'kudzamaliza Lachisanu, kenako mvula ya ku Congo imene inayamba kudontha pasipika, don don don, mpaka ndowa ija inadzazanso, ndipo tinamwa, anali ozizira bwino. Pali bambo anga kumanda! Pomaliza, chapansipansi, anatulukira mawu a ku Malawi, munthu akuwerenga maina a omwalira. Amake Rozita anakhala pansi n'kumvetsera mpaka dzina lomaliza. Wa kwawo munalibemo. Anapumira m'mwamba, n'kuyamba kumasula mfundo ija.

Shapa ya Loweruka inapita popanda iwo. Mukawafunsa lero akuuzani kuti mvula ya ku Congo sanaione, ndiponso kuti anatsala chifukwa kwawo konse kulibe waya woyanikapo zovala wautali ngati umenewu. Zimenezo ndi zawo. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti dzuwa likamalowa, amene amathira madzi pachitsulo chija ndi iwowo.