Ng'ombe Ziwiri za Lachisanu

Lolemba, 17 Novembala 1958

A Woyendera Masukulu abwera Lachisanu kudzaona phunziro langa la Chingerezi mu Sitandade 4. Mutu wake: kuchulukitsa mayina. Lipoti likakhala labwino, nditsala pano, pafupi ndi chipatala cha ku Katete. Likaipa, anditumiza ku Vubwi, kumene msewu umatha mvula ikayamba. Mkazi wanga, amake Tisa, ndi woyembekezera, ndipo nthawi yake ndi Januwale. Nkhawa sikonza phunziro, choncho sindikuda nkhawa.

Vuto ndi lakuti ana anga a sukulu amamata s paliponse. Mans, foots, oxes. Buku la kaphunzitsidwe likuti mwana saiwala chimene waona ndi maso. Ndiye aone. Zofunika:

ox, oxen: ng'ombe ziwiri
mouse, mice: mbewa zamoyo
knife, knives: mipeni ya kunyumba kwawo
child, children: alipo kale

Sheep sasintha, chotero nkhosa sindibwereka.

Lachiwiri

A Banda, mkulu wa mpingo, avomera kundibwereka ng'ombe zawo zolimira. Angofunsa kuti, "Aphunzitsi, zikamva Chingerezi zidzandimverabe ine?" Ndawatsimikizira.

Ana abwera ndi mipeni komanso mbewa zamoyo. Tiyeserera. Ndikweza mbewa imodzi pogwira mchira: mouse. Ziwiri: mice. Akhoza onse! Buku silinaname. Mbewazo ndazisunga mumphika wovundikira kukhitchini kwathu, chifukwa ana awa ndimawadziwa.

Kukutentha kwambiri. Mitambo kummawa. Chibwerere kuno sindinaonepo mvula yodzalira Novembala asanathe.

Lachitatu

Mumphika mulibe kanthu. Amake Tisa akuti mbewa yopezeka mumphika wa kukhitchini ndi ndiwo, ndipo ya ntchito ya sukulu sanaimvepo chibadwire. Tsopano ndadziwa zimene tinadya dzulo. Zinali zonona.

Phunziro lili mkati, amayi a ana afika kudzatenga mipeni yawo. Akuti kuyambira dzulo akuduladula masamba ndi zala. Wina wati ngati sukulu ikufuna mipeni, igule. Patsala umodzi, wanga wosongolera mapensulo.

Ng'ombe zilipo. Ana alipo. Theka la phunziro likadali chilili.

Lachinayi

Mvula! Yayamba mmamawa, yaikulu, yodzalira yeniyeni. Mudzi wonse watuluka ndi makasu.

Ndiwapeza a Banda kumunda, ng'ombe zili pagoli. Ndikufotokoza modekha kuti ndikuzifuna kanthawi kochepa chabe mawa. Sakuimitsa n'komwe khasu la ng'ombe. "Chinyontho ichi chikauma, a Woyendera anuwo adzandipatsa chimanga?" Andipatsa ng'ombe yokalamba yotsimphina imene ili kukhola. Imodzi.

Mbewa zina sizipezeka, mauna adzaza madzi. Ndajambula pabolodi mbewa ziwiri ndi mipeni iwiri. Denga likudontha pamwamba pa bolodi penipeni. Pofika masana mbewa zija zaoneka ngati mbatata, kenako zafufutika.

Patsala ana.

Lachisanu

Belu ndaliza kawiri. Ana onse ali kumunda, akudzala. Wabwera mmodzi: Tisa, mwana wanga yemwe, chifukwa ndamuletsa kutsagana ndi amake.

A Woyendera afika akukankha njinga, matope mpaka m'mawondo. Apeza izi:

mpeni umodzi patebulo
ng'ombe imodzi pakhomo, ikudya udzu wa denga
mwana mmodzi pabenchi

Ndaphunzitsa phunziro lonse monga ndinalikonzera, osadumpha kalikonse. Tisa wayankha mosaphonya, oxen, mice, knives, akuloza zinthu zomwe palibe. A Woyendera sanafunse za Chingerezi ngakhale pang'ono. Ayang'ana mabenchi nthawi yaitali, kenako Tisa, kenako ine.

"Mwanayu mukufanana naye mphuno. Ndi wanu?"

Ndavomera. Alemba zambiri. Potuluka apeza ng'ombe ikutafuna chipewa chawo chimene anakoleka panjinga. Alembanso.

Loweruka

Ndabweza ng'ombe. A Banda akuti yabwera ndi mimba yotupa, afunsa chimene ndaidyetsa. Ndanena zoona, sanakhulupirire.

Munda wanga wokha ndiwo sunathe kudzalidwa m'mudzi muno. Ndadzala mpaka msana kuwawa. Amake Tisa akuponya mbewu patsogolo panga. Pamapeto pa mzere afunsa ngati ku Vubwi kuli mzamba. Buku lililonse limene ndili nalo silikunena.

Lamulungu

Tchalitchi chadzaza. Ana anga onse alimo, osasowa ndi mmodzi yemwe, akuimba ndi mawu amphamvu. A Banda apemphera nthawi yaitali kuthokoza chifukwa cha mvula yobwera pa nthawi yake. Ndayankha Amen, pakuti kwa chimanga nthawi yake inalidi imeneyo.

Potuluka, ng'ombe ziwiri za a Banda zikudutsa pamsewu. Gulu lonse la Sitandade 4 laloza n'kufuula pamodzi, "Oxen!" Njira yophunzitsira ija ndi yabwino ndithu. Ndikaigwiritsa ntchito ku Vubwi, m'chilimwe.

Lipoti lipita ku boma mawa. Amake Tisa ayamba kukulunga mbale m'nsalu. Chimanga chimene ndadzala dzulo adzakolola mphunzitsi wina.