Tsiku Limene Ndinafunditsa Ampulifaya Bulangeti

Mukadzafika kwathu cha ku Mphunzi n'kumva anthu akunditchula kuti a Bulangeti, musadzafunse pagulu. Dzina limenelo silaubatizo. Ndinalipeza pa ukwati wa mlamu wanga, ndipo popeza ena amathiramo mchere wambiri akamafotokoza, ndi bwino mumve kwa mwiniwake.

Ine ndimaimba gitala, ndipo ndimaimba bwino (uku si kudzitama, kafunseni a kwaya ya kutchalitchi kwathu). Ndili ndi ampulifaya yachikale imene malume anga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Si zapulasitiki zamasiku anozi ayi. Iyi ndi yolemera ngati thumba la mbatata, ndipo kumbuyo kwake kuli mababu agalasi amene amayaka mofiirira. Ukaiyatsa siyankhula msanga. Umadikira mababuwo atenthere, kenaka mawu amabwera pang'onopang'ono, okoma zedi. Malume pondipatsa anandilangiza kuti ndizidikira itenthere ndisanayambe kuimba, ndisamaiyatse sipika isanalumikizidwe, komanso ndisamaigunditse kukhoma. Malangizo oyambawo ndinawamvetsa. Lakukhomalo ndinkayesa kuti akungoopa chinyezi.

Ndinkaisamala kuposa njinga. Fumbi ndinkalichotsa ndi nthenga ya nkhuku, ndipo nthawi ya mvula inkagona patebulo, ana n'kumadyera pansi.

Ndiye Agnesi, mng'ono wa mkazi wanga, anapeza banja. Apongozi anga aamuna ankafuna kuitana anyamata a ku Linthipe amene amaimba nyimbo za pafulashi. Ine ndinaimirira pamsonkhano wa komiti n'kunena kuti mwana wa pakhomo pathu sangalowe m'bwalo ndi nyimbo ya m'makina pamene gitala ili pompano. Agnesi anali mbali yanga. Anandipempha kuti polowa ndidzamuimbire nyimbo imene malemu amayi ake ankaikonda, yomwe anyamata a fulashi analibe.

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino bambo," anatero. "Tasiya m'manja mwanu."

Ukwatiwo unali mu Juni. Amene amadziwa Dedza akudziwa kale chisanu chake. M'mawa umenewo chifunga chinaphimba mapiri onse, zala zikukana kupinda. Anthu atapita kutchalitchi, ine ndinatsala pabwalo la madyerero kukonza zida. Jenereta italira ndinayatsa ampulifaya, ndipo ndinaona ngati ikuchedwa kutenthera kuposa masiku onse. Apa m'pamene nzeru inandifikira. Munthu akazizidwa amafunda. Mwanapiye akazizidwa timamuvundikira. Nanga chinthu chimene chimafuna kutentha kuti chiyankhule, n'kuchisiyiranji pamphepo?

Pafupi pomwepo panali mphatso za akwati, ndipo pamwamba pake panali bulangeti latsopano, lonenepa, lamaluwa, limene mkazi wanga anachita kusankha yekha kusitolo ya ku boma. Ndinalibwereka (mwiniwake sindinamuuze, poti ndinkadziwa kuti ndibweza msanga). Ndinaifunditsa ampulifaya yonse, kumbuyo komwe, n'kupsinja bwino m'mbali ngati khanda. Kutsogolo ndinangosiya kampata ka sipika.

Zinatheka, abale. Mawu anatuluka onona moti amayi ophika anasuzumira. Ndinamuuza mnzanga woimba ng'oma kuti luso limeneli sakaliphunzira kusukulu. Ndinaisiya ili chiyakire kuti akwati akafika asadikire.

Koma mwambo wa kutchalitchi unatalika, ndipo dzuwa linatuluka. Patapita nthawi ampulifaya inayamba kung'ung'udza ngati njuchi. Sindinatekeseke, chifukwa matenda a zida ndimawadziwa. Ndinasintha chingwe cha gitala. Kung'ung'udza kunapitirira. Ndinapukuta mabowo olowetsamo zingwe. Palibe chinasintha. Ndinakalipira mwini jenereta kuti magetsi ake ndi osakhazikika, iye n'kupepesa. Kenaka ndinamva fungo la chinthu chopserera, ndipo ndinapita ndekha kukhitchini kukawachenjeza amayi kuti mpunga ukupserera.

Amayi ena achikulire anavundukula poto n'kundionetsa. "Mpunga wathu uli bwino, bambo a Tadala. Fungo likuchokera kwanu komwe."

Ndinawaseka. Ndisanabwerere n'komwe, nthungululu zinamveka kumsewu. Ndinathamanga, ndinakoleka gitala paphewa, ndipo Agnesi ndi mwamuna wake anaima pakhomo la bwalo kudikira nyimbo. Ndinagwedezera mutu mnzanga wa ng'oma, n'kukhudza nsambo molimba mtima.

Ampulifaya inatsokomola kamodzi ngati mbuzi, basi n'kuti zii. Pansi pa bulangeti panatuluka utsi.

Ndinasolola pulagi, n'kukoka bulangetilo, zala n'kupsa. Mababu anali atafiira ngati makala a m'mbaula. Bulangeti linali litasungunuka pakati penipeni, bowo loti mutu wa munthu n'kulowa. Ndinaima nalo m'manja pamaso pa mudzi wonse, ndipo munthu woyamba kulizindikira anali mkazi wanga.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri si zala kapena maso a anthu. Agnesi anali adakaima pakhomo paja, akundiyang'ana, akudikirabe nyimbo ya amayi ake. Manyazi amene ndinachita nthawi imeneyo sindinawachitepo chibadwire.

Mkazi wanga anaimirira n'kuiyamba nyimboyo ndi pakamwa. Azakhali ake anailandira, kenaka amayi onse, mpaka a kukhitchini anabwera ndi zipande m'manja. Agnesi analowa akuvina, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinapitiriza kuimba gitala yosamvekayo mpaka kumapeto, n'kumagwedeza mutu, kuti ongofika kumene aziyesa kuti ndi mmene tinakonzera.

Madyerero atatha apongozi anandiitanira pambali. Ndinakonzeka kukalipiridwa, koma iwo anayankhula mofatsa.

"Nyimbo ija yamveka bwino, bambo. Malemu ankaiimbanso choncho, popanda magetsi."

Bola akanandimenya.

Sabata yotsatira ndinaikweza ampulifaya pa minibasi kupita nayo kwa okonza mawailesi ku boma. Anasintha mababu awiri ndi fiyuzi, n'kundiuza kuti kumbuyo kwake kunasiyidwa dala kuti kuzipita mphepo. Apo m'pamene ndinamvetsa langizo la malume lakukhoma lija. Panopa imayankhulanso bwino, ndipo ngakhale kuzizire bwanji imakhala yosafunda. Komabe mumtimamu ndimakhulupirira kuti nzeru ija inali yabwino ndithu, kungoti bulangetilo linanenepa kwambiri. Chikanakhala chitenje, bwenzi nkhani ili ina.

Agnesi tinamugulira lina. Lopsalo mkazi wanga anakana kulitaya, anakananso kulisoka. Analiyala pabedi pathu, n'kunena kuti mbali yabowo ndi yanga. Juni aliyense chisanu cha Dedza chimalowera pamenepo n'kundipeza pamsana.