Kulamani ndi Zidole Zake Zosapenya

M'mudzi mwathu muno mwa amisiri, kuseri kwa minda ya kokonati ya ku Puri, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, aliyense ali ndi kanthenda kake, koma ka malemu Kulamani kankadziwika mpaka kwa oyendetsa mabasi: mkuluyo sankaika maso pa chinthu chilichonse chimene wapanga. Njovu za luzi la kokonati, akavalo, anyani, agwape a nyanga zawaya, zonse zinkachoka m'manja mwake zonenepa, zosalala, zokongola kuposa za pakhonde lililonse mumsewu wathu. Koma pankhope pali see, ngati chikhatho.

Tonse timadziwa kuti maso ndiwo omalizira. Mmisiri amayamba wasamba, m'mimba mulibe kanthu, n'kuviika burashi m'mwaye wa nyali, timadontho tiwiri, basi chinthu chadzuka. Enafe timachita zimenezi uku tikukangana za nsomba. Kulamani anazitenga ndi mtima wonse.

"Chikangopenya chaona njira," ankatero. "Chikaona njira chapita."

"Nanga si timapangira zomwezo, kuti zipite?" ankayankha mkazi wake, Tilottama. "Kapena tizidya luzi, bambo a Sukanti?"

"Luzilo likufunika pakamwa panupo, mayi a Sukanti."

Akuti zinayamba ali mnyamata. Anapanga kanyani, anakaika maso, n'kukayanika pakhoma. Nyani weniweni anatsika mumtengo, anakanyamula ngati mwana wake, ulendo wakutchire. Mpaka kumanda Kulamani ankalumbira kuti kanyaniko kanachita kulumphira kokha pamsana.

Komanso munthuyo analibe pokhalira. Amisiri anzake amapinda msana pamphasa tsiku lonse. Iye ankaluka akuyenda, waya pakamwa, luzi m'khosi, kuchoka kukachisi kupita kudziwe, kuchoka kudziwe kubwerera kukachisi, njovu ikumera miyendo m'njira. Tiyi ankamuyambira pakhomo pano n'kukamumalizira pakhomo pa eni. Ukamufunsa funso, yankho unkachita kulitsatira.

Ndiye amene ankaona zokhoma ndi Tilottama. Nrusingha, wogulitsa zidole kugombe ku Puri, anamuuziratu: "Alamu, ana a anthu akulira akaona nkhope zimenezi. Njovu yopanda maso ndiigulitsa kwa yani?"

Tilottama ntchito yake inali yomata nsalu zojambulapo ndi phala la nthanga za bwemba. Burashi anali asanaigwirepo. Koma njala ndi mphunzitsi wankhanza. Mwamuna akangolowera kudziwe, ankasolola chigoba cha mwaye kuseri kwa mbiya ya mpunga, n'kumadontheza maso msangamsanga dengu la Nrusingha lisananyamuke, khutu lili kukhomo. Zotsatira zake, diso lina linkayang'ana kunyanja, lina kusiteshoni. Ndipo mukudziwa? Alendo anazikonda. Ankachita kufunsa kuti zili kuti njovu zodabwa zija.

Tsiku lina Kulamani, miyendo itamufikitsa ku Puri, anakumana nazo maso ndi maso.

"Nrusingha! Wandiwonongera ana anga ndani?"

"Zimangodzuka zokha m'basi, achimwene. Mabampu."

"Amene anaika maso awa ankathawa galu," anatero Kulamani.

Anabwereza mawu omwewo kunyumba akudya mpunga wake wogonera m'madzi, maso ali pa chala cha mkazi wake chakuda bii. Tilottama anangomuwonjezera tsabola.

Zikanapitirira choncho, wina akuba maso wina akunamizira kusaona, pakanapanda ukwati wa Sukanti, mwana wawo mmodzi yekhayo. Kwathu kuno mwana wa mmisiri sapita ku ukwati wopanda bokosi lamatabwa lojambulidwa ndi dzanja la bambo ake. Kulamani analijambula ataimirira, akulizungulira ngati ng'ombe yozungulitsa chigayo cha mafuta. Utoto woyera anasinja yekha kuchokera ku chigoba cha nkhono ya m'nyanja. Pachivundikiro panali mkwati, mkwatibwi, oimba ng'oma ndi njovu yovala mabelu. Anthu ankabwera kudzaona n'kugwira pakamwa. Koma gulu lonselo, kuyambira njovu mpaka mkwatibwi, linali losapenya.

Mayi a mkwati, mzimayi wa ku Pipili wa mawu ngati lipenga, atabwera kudzaona katundu anaima pabokosipo nthawi yaitali.

"Mukufuna mwana wanga alowe m'banja akupapasa? Tamvani, asewere. Bokosi ili likafika pakhomo panga lili chonchi, libwerera, ndipo mwini wake alikhalira pamwamba." Atafika pakhomo anacheuka n'kuyang'ana Tilottama. "Ndipo ndisaonepo maso a njovu zakugombe zija. Ndimawadziwa."

Kuyambira pamenepo Tilottama sanakhalenso pansi, ngati nthenda ya mwamuna yamupatsira. Akati alankhule, mwamuna ali kudziwe. Akafika kudziwe, akuti wangopita kukaona ng'ombe ya eni yodwala. Mawa, mawa, mpaka tsiku la ukwati linakwana. Mahema aimikidwa, miphika ikuwira, Sukanti amupaka kale utoto wofiira kumapazi, ndipo wakhala phee pafupi ndi bokosi lake, osalira. Chapatali malipenga a gulu la mkwati anayamba kumveka.

Mudzi wonse unaona mpikisanowo. Kulamani patsogolo, akuti akukaona ngati nthochi zakwana. Tilottama pambuyo, nsalu ya ukwati ataikwinya m'chiuno, chigoba cha mwaye kudzanja lino, burashi ya ubweya wa mbewa kudzanja linalo. Anamupanikiza pachitsime.

"Bambo a Sukanti, imani pomwepo!"

"Sindingaike maso, ndadya kale."

"Mwadya chiyani? Mbale zonse ndabisa kuyambira m'mawa."

"Ndiye sindinasambe."

Tilottama anaika chigoba pansi bwinobwino, analanda ndowa kwa mayi amene ankatunga madzi, n'kumukhuthulira yonse kumutu.

"Mwasamba."

Anthu tinaseka mpaka kugwira nthiti. Koma Kulamani sanaseke, sanathawenso. Anayenda akudontha madzi mpaka pakhonde pake, ndipo pamaso pa tonsefe anachita chimene palibe anali atamuonapo akuchita: anakhala pansi. Anayang'ana bokosi, anayang'ana mapazi ofiira a mwana wake.

"Akangopenya apita, mayi a Sukanti," anatero motsitsa.

"Apita ndithu," Tilottama anayankha, mawu atamuthera mphamvu. "Kupita apita, mufune musafune. Mukufuna apite osaona kumene akuponda?"

Anamupatsa burashi. Dzanja la Kulamani losakhazikika lija linaima nji. Anayamba ndi njovu, kenako oimba ng'oma, kenako mkwati, maso aatali ngati nsomba, oti amisiri akale okha ndiwo ankawatha. Tilottama anaona kuti zaka zonsezi ankagona ndi katswiri wa maso m'nyumba, iye akuvutika ndi njovu zodabwa, ndipo anafuna kumukhuthuliranso ndowa ina. Pa mkwatibwi Kulamani anachedwa. Malipenga anali atafika pakachisi. Anaviika, anapuma, n'kudontheza.

Mayi a mkwati anawerama kuti aone bwino.

"Eee, koma mkwatibwiyu sakuyang'ana mwana wanga. Akuyang'ana kumbuyo!"

"Manyazi, asewere," anatero Kulamani. "Mwana woleredwa bwino."

Mayiwo anakhutira. Sukanti yekha ndi amene anagwira m'mphepete mwa chivundikiro n'kuyamba kulira, ndipo bambo ake anadzuka mwachangu kuti akaone nthochi zija. Akuti mpaka lero ku Pipili bokosilo analiika moti maso a mkwatibwi amaloza msewu wa kwathu.

Musaganize kuti anachira. Mawa lake anabwerera ku njovu zake zosapenya, Tilottama ku chigoba chake chakuseri kwa mbiya, ndipo anakalamba choncho.

Kulamani anatisiya nyengo ya mvula yapitayi. Anagona masana akuti mutu, osadzukanso. Nrusingha anati aka kanali koyamba kumupeza pamene anamusiya, ndipo tinaseka pamaliro, kenako tinasowa poyang'ana.

Msewu wathu tsopano watalika. Palibe wodutsa ndi waya pakamwa, palibe kapu ya eni yopezeka pakhonde lako. Azimayi akumathirabe tiyi wowonjezera n'kumuyang'ana akuzizira. Tonse takhala pamphasa zathu, misana yopindika, ngati anthu olongosoka. N'zotopetsa.

Anasiya kavalo mmodzi, womaliza, wamakutu oima, mwendo umodzi uli m'mwamba ngati akunyamuka. Mwezi watha Nrusingha anabwera ndi dengu lake.

"Alamu, tadonthezani maso pa kavaloyu ndimutenge. Pano palibenso wokuthamangitsani, mwina awongoka."

Tilottama anatulutsa chigoba cha mwaye, poyera, dzuwa likuswa mtengo. Anaviika burashi. Anayang'ana nkhope yosalala ija kwa kanthawi, kenako anapukutira burashi kunsonga ya nsalu yake, n'kukankhira kavaloyo mkati mwa khonde, kumene mvula sifika.

"Musiyeni," anatero. "Ameneyu sakupita."