Mkonono wa aChigayo ndi Galu Wawo

Munthu uja ankaliza mkonono, abale inu. Dzina loti aChigayo silinachokere ku ntchito ayi, poti ntchito yawo inali yokonza njinga pansi pa mtengo wa pamphambano. Linabwera chifukwa akangotseka maso, malata a nyumba zoyandikana ankanjenjemera. Koma kuwafunsa m'mawa, ankakanitsitsa kwamtuwagalu. Ankati woliza mkonono ndi galu wawo.

Galuyo anabwera naye ali kamwana, m'thumba la jekete. Ana onse anali atakula n'kuchoka, ndiye anamutcha Mzime. Akazi awo, omwe tonse tinkangoti amayi, anangomuyang'ana kamodzi n'kulamula kuti galu ndi wapanja, akagone mushedi ya njinga. Mzime anayankha usiku womwewo. Analira mpaka tambala anachita manyazi.

AChigayo anayesa zonse. Anamuyalira ovolosi yonunkha girisi, iye anaidya manja. Anamusiyira wailesi, iye n'kumaimba nawo. Anayamba kumuthamangitsa pambuyo pa njinga madzulo kuti atope, koma wobwera lilime lili panja anali mwini njinga. Aphunzitsi a nyumba yoyandikana anafika podandaula kuti akumagona m'kalasi choko chili m'manja.

Kenaka kulira kuja kunangoti zii. Amayi anathokoza Mulungu, mpaka tsiku lina akusesa kuchipinda tsache linagunda chinthu chofunda kunsi kwa bedi.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ndi mlendo, mayi. Wasochera."

"Kusochera mpaka kunsi kwa bedi langa?"

"Mdima, mayi. Mdima ulibe ulemu."

Amayi anapirikitsa mlendo ndi womulandira yemwe. Kuyambira pamenepo aChigayo ankapita kushedi kukagoneka galu ngati khanda, kumusisita m'khutu ndi kumufotokozera za njinga zomwe zavuta tsikulo, ati akagona iwo abwerere kunyumba. Nthawi zambiri woyamba kugona anali iwowo, mutu pa tayala. Akabwerera kuchipinda n'kuyamba kugaya, amayi ankawagunda ndi chigongono, iwo n'kuyankha ali m'tulo kuti phokosolo likuchokera kushedi, langodutsa khoma. Amayi ankati bodza la munthu wa imvi limanyansa. Iwo ankangoseka, amvekere tsiku lina mudzandipepesa.

AChigayo anatisiya m'nyengo yozizira, atangodwala pang'ono. Anthu a pamaliro atabalalika, Mzime anayambiranso kulira, koma tsopano osati kushedi. Ankakhala pakhomo la nyumba, mphuno pansi pa chitseko. Aneba anapirira, kenaka anayamba kulankhulira m'mbali. Mng'ono wa malemu anati vutolo ndi laling'ono, abwera ndi chingwe Loweruka adzamutengere kumunda kwake, kutali. Amayi anavomera. Galuyo sanamufunepo chiyambire.

Chomwe sanauze munthu n'choti nawonso tulo tinali titawathawa. Zaka zonse zija ankapempha usiku umodzi wokha wabata, ndipo ataupeza unawawawa. Ankatambasula chigongono n'kugunda mphepo. Ankawasowa amuna awo, ndi phokoso lawo lomwe.

Usiku woti mawa ndi Loweruka anatopa nako kulirako, anatsegula chitseko kuti amukalipire komaliza. Mzime sanadikire mawu. Anadutsa pakati pa miyendo yawo, molunjika kuchipinda, n'kulowa kunsi kwa bedi, mbali ya aChigayo. Njira ankaidziwa bwino kwambiri, moti amayi anazindikira kuti mlendo uja anasocherapo kambirimbiri iwo ali m'tulo.

Amayi anagona akung'ung'udza. Posakhalitsa kunsi kwa bedi kunayamba kamkokomo, pang'onopang'ono, kenaka chigayo chenicheni, chokoka mpweya n'kuimba kakhweru kumapeto. Amayi anadzuka n'kukhala tsonga. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka.

"Pepani, bambo," anatero mumdimamo. "Koma theka linali lanu ndithu."

Anagona mpaka dzuwa la m'mawa linawala pawindo.

Pamphambano paja pano palibe wokonza njinga. Mtengo ulipo, ndi banga la girisi pansi pake, ndipo tikamadutsa timachepetsa liwiro osadziwa chifukwa chake. Loweruka lija mng'ono wa malemu anafikadi ndi chingwe chake, n'kupeza amayi pakhonde, Mzime atatsamira phazi lawo.

"Chingwecho kamangireni mbuzi, alamu," anatero amayi. "Uyu ndi mboni ya achimwene anu. Sachoka pano."