Mzee Kibwana ndi Nambala Leveni

Mumsewu wathu ku Kariakoo, malemu Mzee Kibwana sankapereka moni ngati anthu ena. Ukakumana nawo, funso linali limodzi: “Lero uli pa nambala chani?” Za thupi analibe nazo ntchito. Ankafuna kudziwa kuti munthu akafufuza malonda ako pa intaneti, sitolo yako ikutuluka pati.

Kale ankalemba zikwangwani. Mafoni atachuluka anataya bulashi n'kuyamba kukweza masitolo athu kuti azioneka pa tsamba loyamba, pomwe pamakwana mayina khumi okha. Wamatayala, wansalu, ngakhale wosoka maambulera, onse anakwera. Chinawakanika ndi chimodzi basi: tsamba la tiirumu ya akazi awo, Bi Zuhura. Zaka zisanu linangokhala pa nambala leveni, pamwamba penipeni pa tsamba lachiwiri, komwe sikufika munthu waludzu.

“Bambo a Salama, mwakweza tauni yonse,” ankatero mayiwo akupinda chapati. “Ine mudzandikweza mano atatha?”

“Sabata yamawa, mayi. Ndapeza mawu abwino.”

Mawu abwinowo anali akuti “tiyi wa jinja ku Kariakoo”, amene anthu amalemba pofufuza. Anawalemba kokwana makumi asanu ndi limodzi pa tsamba limodzi, ena ndi zilembo zoyera pamalo oyera kuti makina ofufuzira okha ndiwo aone. Makinawo anaonadi, n'kuwaponya ku tsamba lachisanu ndi chinayi. Akuti mwezi umenewo Mzee ankamwera tiyi kwa aneba.

Chizolowezicho chinalowa m'kamwa. Pa ukwati wa Salama, mwana wawo, anapatsidwa mwayi wolankhula, ndipo tinawerenga: tiyi wa jinja anatchulidwa kasanu ndi kawiri, mkwati kamodzi.

Koma vuto lenileni tonse tinkalidziwa, chifukwa anatiphunzitsa okha. Ankati makina ali ngati apongozi: sakhulupirira zodzitama wekha, amafuna kumva ena akukutchula. Tsamba limakwera masamba a anthu ena akaika ulalo wolozera kwa iwe. Iwo anagawa maulalo kwa aliyense, koma kupempha kunali kovuta. Shabani wamatayala atadzipereka kuti tsamba lake lilozere ku tiirumu, Mzee anamubweza.

“Mwana wanga, wopanga tsamba lakolo ndine. Ndikadziikira ndekha, ndiye kuba mayeso kumeneko.”

Anatisiya Lachinayi lina m'mawa, foni ili m'manja. Salama analemba uthenga wa maliro pa tsamba la tiirumu, poti ndi lokhalo banjalo linali nalo. Popanda kupangana, sitolo iliyonse mumsewu inaika ulalo wolozera kumeneko, kuti makasitomala adziwe chomwe tatsekera.

Patatha milungu itatu, Shabani analowa mu tiirumu akuthamanga, foni patsogolo. Bi Zuhura anapukuta manja, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Tiirumu inali pa nambala wani.

“Nkhalamba yamakani,” anatero motsitsa mawu. “Ikanangopempha.”

Masiku ano mabenchi sakwana, alendo amachita kuimirira ndi makapu. Ife eni msewu timapatsana moni wamba, wofunsana za thupi, ndipo sukoma.