Tsiku Limene Ndinabisa Tiwonge M'kompyuta

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, tipite naye pa msika wa Lundazi akafunse amayi a mtedza zimene ine Jere wotayipa makalata ndinachita tsiku lija. Palibe? Khalani chete tsono.

Kashopu kanga kanali ndi kompyuta imodzi, mpando umodzi, ndi ine. M'mawa umenewo analowa Zimba wokonza njinga, thukuta lili kamukamu, kuti ndimulembere kalata yopempha amalume ake akhale thenga, akamufunsirire Tiwonge, mwana wa a Nyirenda a ku Mphamba. Ndangomaliza dzina la Tiwonge m'zilembo zikuluzikulu, pakhomo patulukira a Nyirenda eni akewo, ndodo m'manja, akufuna ndiwatayipire mayina a kalabu yawo ya fodya. Mwambo mukuudziwa: bambo akamva za ukwati wa mwana wake thenga asanafike, chimenecho n'chipongwe, ukwati wafera m'mazira. Zimba anangouma ngati chitsa.

"Monile a Jere," anatero mkuluyo, maso ali pa sikirini. "Mukulemba vichi?"

Zala zitatu, abale anga: Kontrolo, batani lojambulidwa kazenera, ndi D. Tiwonge zii, patseguka desikitopu ina, sikirini yatsopano yopanda kanthu. Kompyuta ndi imodzi koma nyumba zambiri, ngati bambo wamitala, mkazi aliyense kwake, osaonana. Mukumva?

Koma a Nyirenda anali ataona kale "Ti", ndipo si munthu wogonja. Andizungulira kumanzere, ine ndatsegula yachitatu n'kuikamo nyimbo za kwaya ya amayi, abwera kumanja, ndatsegula yachinayi, uku mzere wa anthu wafika poimira minibasi za ku Chipata, aliyense ndikumupatsa desikitopu yakeyake, dzanja lamanja likutayipa pulogalamu ya maliro, lamanzere ya ukwati, chala chakuphazi chikudina muvi wosinthira, mpaka pa desikitopu ya makumi awiri ndinapeza mvula ikugwa pomwe kunja kuli dzuwa, pa ya makumi atatu alimi anayanikapo fodya n'kuuma bwinobwino, ndipo pa ya makumi anayi ndinakumana ndi mbuzi ya a Nyirenda yomwe inasowa chaka chatha, ikudya msipu wa pa chithunzi chokongoletsa sikirini. Ndikulumbira pali manda a bambo anga! Kiyibodi inatentha moti mayi wina anakazingirapo mtedza. Mukumva?

Mkuluyo chizungulire chinamugwira. Anatenga mayina ake, nakoka mbuzi yake, nati, "Yewo chomene," n'kutuluka osadziwa kanthu. Ine chimwemwe chinandisefukira, ndinavina ingoma pomwepo.

"Manje nipatseni kalata yanga, mudala," anatero Zimba.

Ndinadina muvi, kwaya. Ndinadinanso, maliro. Fodya, mvula, ndowe za mbuzi. Ndinasaka mpaka dzuwa kupendeka, koma nyumba imene ndinasiyamo Tiwonge ndinali nditaiwala, pakuti m'changu chija sindinalembe dzina pa desikitopu ngakhale imodzi. Manyazi anandigwira, sindibisa.

Zimba anandiyang'ana, nakwera njinga yake, nakagwada kwa amalume ake n'kunena pakamwa. Amalumewo akuti anamuuza kuti akanayerekeza kuwatumizira pepala pa nkhani ngati imeneyo, bwenzi atakana. Lero Zimba ndi Tiwonge ali ndi ana atatu.

Ndiye ndiuzeni, ukwati umenewo anaumanga ndani ngati si ine? Kalatayo ikadali m'kompyutamo. Wokayika abwere akaisake yekha, koma atenge ambulera, pa ya makumi awiri mvula sinasiyebe.