Ulendo wanga wa ku Portugal

Nkhani iyi ndimaibisa kwa anzanga a ku koleji, koma poti kwathu ku Chiringa ngakhale ana amaidziwa, lekani ndingoinena.

Ndinali chaka chachitatu, ndikuphunzira economics. Kusukulu kunabwera mwayi wa exchange, woti munthu akaphunzire semesita imodzi kunja. Pofunsira anandifunsa dziko lomwe ndimafuna. Ine ndinati lililonse, bola kunja.

Pa holide ndili kumudzi, a lekichala athu anandiimbira foni. Netiweki ya kwathu imabwera ngati mlendo wamanyazi, ndiye mawu awo ankamveka moduka-duka.

"Congratulations, Limbani... wasankhidwa... konza pasipoti... uyambe kuphunzira Chipwitikizi..."

Foni n'kuduka.

Chipwitikizi! Mutu wanga, womwe umatha kujambula ma graph a demand ndi supply, unawerengera msanga. Chipwitikizi ndiye ku Portugal. Portugal ndiye ku Ulaya. Sindinaonenso chifukwa choimbira kachiwiri.

"Amayi, ndikupita ku Ulaya!"

Amayi anaponya lichero la nandolo pansi n'kuyamba kululutira. Pofika madzulo, nkhani inali itadutsa pamsika n'kukafika kwa Nazombe.

Mawa lake ndinakagula chijekete chaubweya pa kaunjika. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma ine ndinkachivala popita kumsika kuti thupi lizolowere. Anthu akandipatsa moni ndinkayankha kuti "Bom dia," kaya ndi m'mawa kaya ndi madzulo.

Lamulungu kutchalitchi anandiimika kutsogolo. Abusa anapempherera ndege yomwe ndidzakwere, woyendetsa wake, ngakhalenso nyanja yomwe tidzaoloke. Amayi analira mpaka chitenje kunyowa.

"Usakatibweretsere mzungu wosatha kusinja," anandinong'oneza azakhali potuluka.

"Tikaona komweko, azakhali," ndinayankha modzitama.

Bambo anati mwana sangapite ku Ulaya ngati wothawa, ndiye anapha mbuzi yawo yayikulu n'kuitana abale. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, phiri la Michesi likutiyang'ana, ine pampando wa alendo ndi chijekete changa. Aliyense anali ndi oda yake. Wina ankafuna foni, wina nsapato za mpira, wina wotchi.

Nyama ili m'kamwa, foni inalira. A lekichala aja! Ndinaimirira, n'kukweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Aphunzitsi anga awa. Ndiika pa loudspeaker kuti nonse mudzimvere."

Tsiku limenelo netiweki inagwira bwino ngati tili m'tauni.

"Limbani, pasipoti yatheka?"

"Yatheka, sir. Ndimafuna kudziwa, ndege tikakwerera ku Chileka kapena ku Lilongwe?"

"Ndege yanji?"

"Ya ku Portugal, sir."

A lekichala anaseka mpaka kutsokomola.

"Portugal? Wakuuza za Portugal ndani? Ukupita ku Mozambique, mnyamata! Yunivesite yake ili ku Quelimane. Udzakwera basi, udzatulukira pa Muloza."

Ndinayesa kuzimitsa loudspeaker koma chala chinkangoterera ndi mafuta a mbuzi.

Bambo anayang'ana chikopa cha mbuzi chomwe anachiyanika pa nkhokwe, kenako anayang'ana ine. Amayi anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye Mozambique yake ndi iti? Yomweyi?"

"Yomweyi, amayi."

Amalume a Nampinga, omwe amachita geni ya nyemba, anaika fupa pansi n'kupukuta m'manja.

"Mphwanga, komwe ndimakapikula nyemba kuja? Ndiye basi ya chiyani? Ndikukweza pa kaliyala wa njinga yanga Lachinayi!"

Anthu anayamba kuseka, poyamba mobisa, kenako mosabisa. Amalume sanathere pomwepo.

"Agogo ako anachoka kumeneko wapansi, katundu ali pamutu. Iwe waphunzira zaka zonsezi kuti akubwezere komweko!"

Ku Quelimane ndinapitadi, ndipo ndinaphunzirako zambiri za malonda a m'malire. Koma nditabwerako palibe anandifunsa za maphunziro. Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Chiringa, anyamata a kabaza amakuwa kuti, "Wafika wa ku Ulaya!"

Chiyambire tsiku limenelo, nkhani yabwino ndimayamba ndaimvetsa ndekha ndisanaiike pa loudspeaker.